Tchoki ya Magetsi ya Abiti Joni

Ine ndine Overtone, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango pa mphambano ya ku Nguludi. Sukulu ndinalekeza folomu wani, osati chifukwa cha umbuli ayi, koma aphunzitsi ndi ine tinagwirizana kuti wina akumutayitsa nthawi mnzake. Zamagalimoto ndinaphunzira ku Limbe, zaka naini ndikugona pansi pa malole a eni, mpaka msana wanga unaloweza mwala uliwonse wa m'tauni ija.

Galimoto imene ndikusimba pano inali ya a Silvesta Nakhumwa, a kuseri kwa mishoni. Anabwera nayo kuchokera ku Joni mu 1971, atamaliza kontirakiti yachitatu ku migodi. Inali yobiriwira, yaitali ngati ulaliki wa pa Pasaka, ya masilinda sikisi, mpando wakutsogolo umodzi wokha wotambalala, wokwana anthu anayi ngati sanadye. Anthu anaitcha Abiti Joni, ndipo ankaitchula mwaulemu ngati munthu wamkulu. Pofika mwezi wa Julaye 1997, Abiti Joni anali atakalamba, koma ukalamba wa munthu wosamba.

Matenda awo anali amodzi. Pa kabuleta, pamene petulo amakumana ndi mpweya, pali kachitseko kotchedwa tchoki. Kukazizira kamayenera kutseka kuti injini imwe petulo wambiri idzuke, ndipo injini ikatentha kamatseguka. Pa magalimoto akale aja, chotsegula chinali mpweya wotentha. Kapaipi konga bango kankachokera pa ekizozi n'kukawotha kasipuling'i kopiringizika, kasipuling'i n'kumasuka, chitseko n'kutseguka. Tsono kapaipi ka Abiti Joni kanadyedwa ndi dzimbiri. Tchoki inangokhala chitsekere, galimoto n'kumafuka utsi wakuda ngati uvuni wa njerwa. Ndiye munthu wina wanzeru, sindimutchula dzina poti ndi mlamu wanga, anamanga kachitseko kaja ndi waya kuti kakhale chitsegukire. Utsi unathadi. Koma kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse wozizira Abiti Joni sankadzuka popanda kukankhidwa.

Wokankhayo anali mayi Albertina, akazi awo a Silvesta.

Kwathu kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi. A Silvesta anali atakhala pamudzi pa akazi awo zaka makumi anayi, nyumba ya malata anamanga, ana seveni anabereka, koma mkamwini ndi mkamwini: dothi limene matayala a Abiti Joni ankaponda linali la mayi Albertina. Ana onse anali atabalalikira m'matauni. Amayi opita ku mjigo anali atasintha njira, ankazungulira kumunda wa chinangwa kuopa kumva kuti "tangogwirani pang'ono apa." Otsala anali mayi okha ndi msana wawo wa zaka sikisite.

Lolemba lina a Silvesta anafika pagalaja panga wapansi, chipewa chili m'manja.

"A Overtone, andipatsa masabata awiri."

"Ndani, adokotala?"

"Bola adokotala. Amayi a kunyumba."

Anakhala pa tayala n'kufotokoza. Loweruka la sabata yotsatira, che Asumani a ku Mikolongwe, ophwasula magalimoto, abwera ndi tcheni. Abiti Joni akalira okha m'mawa umenewo, popanda dzanja la munthu kumbuyo kwawo, akhala. Akakanika, ekiselo ndi matayala zikakhala za ngolo, malata akakhala mbaula, mpando wotambalala uja ukakhala wa odikira kumeta.

"Akuti pakhomo pawo sangasunge akamwini awiri, wina wopuma ntchito, wina wokana ntchito."

Ndinaseka, iwo sanaseke. Ankangopotokola chipewa.

"Bambo, kapaipi kaja tiiwale," ndinatero. "Ndingakhome kena, koma pamene kamalowera pa ekizozi panafumbutuka kale. Masiku ano kuli tchoki ya magetsi. Kasipuling'i kamawotha moto wa batire, osati wa ekizozi."

"Ku Malawi kuno ikupezeka?"

"Ku Ndirande ngakhale chitseko cha ndege mukhoza kuchipeza. Mwina ndi ndege yake yomwe, mukafunsa bwino."

Ndinapita Lachitatu. Ndinayenda mashedi asanu ndi limodzi, aliyense akundiuza kuti anali nayo dzulo. Pomaliza ndinaipeza m'chidebe cha zinthu zosadziwika mwini: kachivindikiro kakuda konga ka botolo la mafuta odzola, kasipuling'i kali mkati, kunja kuli timano tolumikizapo waya. Ndinakayesa pa batire la wogulitsa yemweyo. Patangopita mphindi imodzi kanayamba kufunda m'manja mwanga, kasipuling'i kakuyenda pang'onopang'ono ngati bilimankhwe. Ndinabisa chimwemwe, ndinamuuza mnyamatayo kuti n'kakufa koma nditenga chifukwa cha chisoni.

Ntchito ndinakaigwira Lachisanu, pakhomo pa a Silvesta pomwepo. Mayi Albertina anali pakhonde akusenda nandolo wamuwisi, diso limodzi m'lichero, lina pa ine.

"Ndiwe mwana wa malemu a Jeremiah iwe eti?"

"Eya mayi."

"Bambo ako anali munthu wachilungamo. Umakaniko unautengera kwa yani?"

"Kwa amayi, mayi."

"Hmm. Usandithirire oilo pabwalo."

Ndinadula waya wa mlamu wanga uja, kachitseko n'kugwedera kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu. Ndinakatsuka ndi petulo mpaka kanayamba kuyenda ndi mpweya wa m'kamwa. Ndinamasula timasikuluwu titatu, chivindikiro chakale n'kutuluka ndi mwaye wodzaza supuni. Kabowo kamene kankakoka mpweya wotentha ndinakatseka, poti kakakhala kotseguka injini imayamwa mphepo yakuba n'kumatsokomola. Kenaka chivindikiro chatsopano: kukowetsa kasipuling'i pa kadzanja ka tchoki, kupotoza pang'onopang'ono mpaka kachitseko katangotseka, osati mwamphamvu, mongopsompsona. Waya wina ndinamanga pa chitsulo cha injini. Wina, wobweretsa moto, ndinauyendetsa ndi kafyuzi kake mpaka ku kiyi, kuti ukangopotoza kiyi moto uzifika. Ndi mmene ndinaonera ku Limbe, ndi mmene aliyense amachitira.

"Bambo, lizani."

Kiyi kamodzi. Abiti Joni anabangula, nkhuku zonse bwalo lonse balalabalala. Tinaima n'kumayang'ana kachitseko kakutseguka kokha, pang'ono, pang'ono, mpaka kanaima chilili. A Silvesta anachita chizindikiro cha mtanda. Ine ndinapukuta manja mochedwa dala, kuti mayi aone.

"Masana ngakhale ine ndimadzuka," anatero mayi Albertina, osakweza mutu. "Tionana m'mawa."

M'mawa mwake, cha m'ma naini, ndinangoona chipewa chija chikubwera wapansi.

"Yakana."

Ndinapalasa njinga, ndinafika, ndinalowa, kiyi kamodzi: yalira. Ndinapotoza chivindikiro pang'ono kuti tchoki izitseka molimbirapo, n'kubwerera. Lolemba chipewa chinabweranso. Ndinatsuka mapulagi onse sikisi, ndinapala mapointi, ndinasefa petulo ndi kansalu. Kiyi kamodzi: yalira. Lachitatu ndinati mwina ndi dzuwa likundinamiza, ndinalawira, ndinafika eyiti koloko chifunga chisanachoke m'phiri. A Silvesta anali atakhala pa mpando wa ndalema, nkhope yakugwa, atalephera kale ola lathunthu lapitalo. Ndinalowa, injini yozizira ngati mwala wa kumtsinje. Kiyi kamodzi: yalira.

"Ili ngati mwana wodwala," anatero mayi Albertina. "Akangoona adokotala wachira. Bwanji ungosamukira konkuno, Overtone, uzigona m'buti?"

M'mudzi nkhani inayamba kununkha. Ena ankati che Asumani anaitsirika galimotoyo kuti izikana mwini wake. A Silvesta, mkulu wa mpingo wathunthu, anakatenga madzi odalitsa m'kabotolo n'kuwaza pa boneti. Ine sindinaletse. Ndinangowapempha kuti asawaze pa mawaya.

Koma kunena zoona, Lachinayi nkhani inandizunguza mutu. Galimoto sidziwa nkhope ya munthu. Ngati imalira kwa ine n'kukana kwa mwini wake, ndiye kuti pali chimene mwini wake amachita chimene ine sindichita. Ndinawafunsa katatu konse mmene amailizira galimotoyo, iwo yankho limodzimodzi: "Ndimapotoza kiyi, a Overtone, ngati Mkhristu aliyense."

Lachisanu, kutatsala tsiku limodzi, ndinati ndikaone ndi maso anga. Ndinafika kukungoyera, chiperoni chikuwaza, n'kukhala kuseri kwa nkhokwe nditafunda thumba la feteleza. Posakhalitsa chitseko chinatseguka. A Silvesta anatuluka ali m'jekete lawo la ku mgodi, kansanza m'manja. Anapukuta galasi lakutsogolo, lakumbuyo, magetsi onse awiri. Analowa, anakhazikika, anavula chipewa. Ndinamva kiyi, kete. Injini osaigwedeza ayi. M'malo mwake munatuluka mawu a wailesi.

Anali mauthenga achisoni. Uja wamwalira ku chipatala chakuti, mwambo wa maliro mawa kwa mfumu yakuti, achibale a ku Mwanza ndi ku Balaka amve. A Silvesta anali ataweramitsa mutu, khutu pafupi ndi wailesi. Mphindi faifi. Teni. Twente. Ine miyendo itachita dzanzi. Atatha mauthenga anazimitsa wailesi, anavala chipewa, n'kupotoza kiyi mpaka kumapeto. Abiti Joni anangoti ngo-ngo-ngo-ngo, ngati nkhalamba yokana phala.

Ndinavumbuluka kuseri kwa nkhokwe ndi thumba langa kumutu, a Silvesta mpaka anakuwa dzina la Amayi Maria. Ndinatsegula boneti. Injini inali zii. Chivindikiro changa chakuda chinali chotentha ngati kapu ya tiyi, kachitseko kali yasaa, chitsegukire. Kasipuling'i kanali katawotha moto mphindi makumi awiri, kakuganiza kuti tili kale pa Limbe.

"Bambo, tsiku lililonse mumachita chonchi?"

"Chonchi chiyani?"

"Wailesiyi."

"Kuyambira 1971. Ya m'nyumba imadya mabatire, iyi imangodya mphepo."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Munandifunsa za galimoto. Za maliro simunandifunse."

Ndinawafotokozera kuti kiyi ikangopotozedwa, wailesi ikudya, tchoki nayo ikudya mbale yomweyo. Pofika nthawi yoliza injini, tchoki yatseguka kale, ndipo ine ndikamafika patapita ola, imakhala itazizira n'kutsekanso, n'kundipatsa ulemu umene sindinaugwirire ntchito.

"Mankhwala ake ndi aulere," ndinatero. "Muziyamba mwaliza injini, wailesi pambuyo."

Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti azivala nsapato asanavale thalauza.

"Injini ikulira mungamve dzina la mudzi? Komanso munthu amanyamuka ulendo asanamve amene watisiya? Upite ku Limbe kukagula sopo, mnzako ali gone pamphasa ku Namitambo?"

Kenaka anatsitsa mawu. Anati mu shafuti yawo ya mgodi ku Joni analimo anthu khumi ndi mmodzi ochokera kuno, ku Thyolo ndi ku Mulanje. Tsiku lina mwala utagwa n'kuwaphonya onse, anapangana kuti aliyense akadzamwalira, otsala adzamuperekeze, ndipo mwini galimoto ndiye azidzatenga anzake. Makalata amafika munthu ataikidwa kale, lamya kumudzi kulibe. Wailesi yokha.

"Tatsala atatu. Winayo saona, winayo miyendo inatupa. Akandilanda Abiti Joni, a Overtone, ndikawanyamula pa chiyani?"

Sindinaseke ulendo umenewu. Ndinaona kuti wolakwa sanali a Silvesta, sanali Abiti Joni, sanali che Asumani ndi zitsamba zawo. Ndinali ine, amene ndinalumikiza waya ngati wa bwana wa ku ofesi, wongopotoza kiyi n'kuthamanga. Munthu wa zaka sevente sungamusinthe mawaya. Galimoto ungathe.

Ndinauchotsa waya uja ku kiyi. Ndinaukokera ku dainamo, imene imapanga moto pokhapokha injini ikamazungulira. Injini ili chete, dainamo ili chete, tchoki ili chete, wailesi ilire mpaka Ambuye abwere. Tinadikira chivindikiro chizizire, tinatsegula wailesi, tinamvera nyimbo zitatu ndi mlangizi wina wophunzitsa za manyowa. Ndinagwira chivindikiro: zii. Analiza mwini wake, inalira. Koma apo n'kuti dzuwa litatuluka, ndipo batire, litazunzika sabata yathunthu, linkazungulitsa injini mwaulesi. Ndinaiyendetsa galimotoyo mpaka ku mishoni ndi kubwerako kawiri kuti batire lidyeko, n'kusiya zonse m'manja mwa Mulungu ndi dainamo.

Loweruka kunazizira ngati kwalipiridwa. Che Asumani anafika m'mamawa ndi kapikapu kawo, tcheni chili m'manja, kofia kumutu, kumwetulira ngati mkwati.

"Che Overtone, mwabwera kudzatsanzika wodwala wanu?"

"Ndabwera kudzaona mmene tcheni chimabwererera chopanda kanthu. Sindinaonepo."

"Mpando uja ndaulonjeza kale kwa wometa, mwene."

"Akhala choimirira makasitomala ake."

Mayi Albertina anatuluka atafunda zitenje ziwiri n'kugamula mlandu usanayambe.

"Iwe Overtone, pakhonde apo. Manja pa mawondo. Ukangoyankhula kapena kukhudza galimoto, yapita. Ndikufuna ilire kwa mwini wake."

Ndinakhala. Amayi a ku mjigo aja, amene anasowa zaka zitatu, tsiku limenelo njira anaikumbukira. Anaima m'mphepete mwa bwalo ndi ndowa zawo. A Silvesta anapukuta magalasi, analowa, anavula chipewa. Kete. Wailesi.

"Akutani?" anafunsa che Asumani.

"Akumvera maliro," anatero mayi. "Inu simumwalira kwanu?"

Che Asumani anakhala pa chitsa. Mauthenga a tsiku limenelo anali ambiri, zaka zimenezo anthu ankapita ngati masamba a m'chilimwe. Bwalo lonse linangoti chete, aliyense khutu ku zenera la galimoto, poti palibe amene analibe wodwala kwinakwake. Ngakhale che Asumani ndinawaona akutchera khutu atatchulidwa mudzi wa ku Mikolongwe, kenaka n'kupumira m'mwamba atamva kuti si wawo. Ine ndinkangowerenga mphindi, ndikumvera chisoni batire.

Atatha, a Silvesta anatulutsa mutu pazenera.

"Lero tonse tilipo."

Anavala chipewa, anapotoza kiyi. Ngo... ngo... ngo. Chete.

Ndinaona chimene chachitika. Galimoto zimenezi, usanalize m'mawa, umayenera kuponda moto kamodzi mpaka pansi kuti kachitseko kamasuke katseke. A Silvesta ankadziwa zimenezi ine ndisanaphunzire kuyenda, koma ndi maso onse aja, mwendo wawo unaiwala. Anapotozanso. Ngo... ngo. Batire linali ndi mpweya wa ulendo umodzi wokha, ndinalimva. Che Asumani anaimirira, tcheni chinalira.

Kuyankhula ndinaletsedwa. Kukhudza galimoto ndinaletsedwa. Koma za mwendo wanga panalibe lamulo. Ndinayamba kuponda pansi ndi phazi lamanja, di, di, di, manja ali pa mawondo, maso ali kumwamba ngati munthu wolumidwa ndi linthumbu m'tchalitchi. A Silvesta osandiona, maso ali pa kiyi. Ndinaponda mpaka fumbi. Amene anandiona ndi mayi Albertina. Anandiyang'ana phazi, anandiyang'ana nkhope, anayang'ana amuna awo akulimbana ndi kiyi. Ndinati basi, ndaigulitsa ndekha.

"Inu bambo a Patricia!" mayi anakuwira amuna awo. "Pondani moto kamodzi! Simukuona mwana wa eni akuvina tchopa pakhonde panga?"

Ndinamva kachitseko kakuti tha, m'kati mwa boneti, kapena mwina ndi mtima wanga unamva. Kiyi. Ngo... ngo... Abiti Joni anatsokomola kamodzi, anabangula, kautsi koyera n'kutuluka kumbuyo. Amayi a ku mjigo analuluta, wina mpaka ndowa inagwa.

"Koma mayi, mwawathandiza," anadandaula che Asumani.

"Ndinati dzanja la munthu kumbuyo kwake. Mwaona dzanja? Pakamwa ndi panga, bwalo ndi langa. Tchenicho mukamangire mbuzi."

Che Asumani anaseka okha, anakulunga tcheni, anamwa tiyi amene anapatsidwa, ndipo pochoka anandinong'oneza kuti kapikapu kawo nakonso kamavuta m'mawa, ndidzakaone anthu akachepa.

A Silvesta sanatsike. Anangokhala akugwira chiwongolero ndi manja onse awiri, injini ikutsika mawu pang'onopang'ono pamene tchoki inkatseguka, iwo akugwedeza mutu ngati akumvera kwaya. Mayi analowa m'nyumba, anatuluka atasintha mpango, n'kutilamula ine ndi amayi awiri kuti tikweze matumba atatu a nandolo m'buti, akagulitse ku Limbe. Njinga yanga tinaimangirira pamwamba pa matumbawo. Ine ndinakatsegula chitseko chakumbuyo kuti mayi alowe, monga ankakhalira kale akamapita ku Misa.

"Kumbuyo ndatopa nako," anatero. "Zaka zitatu ndakhala ndikuiona kumbuyo kokhakokha. Khala iweyo."

Anakakhala kutsogolo, pakati penipeni pa mpando wotambalala uja, phewa kugunda phewa la a Silvesta, ngakhale malo analipo okwana anthu ena awiri. Tinatsika kamtunda ka kumishoni pang'onopang'ono, anthu a panjira akupatuka n'kumakweza manja. Ananditsitsa pa mango wanga, mayi n'kunditapira nandolo m'chipewa changa chomwe.